Bambo akuti ndalama za pa foni si ndalama, ndiwayankhe bwanji?

Admin ndibiseni dzina chonde, abale anga ambiri ali pagulu pano.

Bambo anga ndi msodzi wa ku Senga Bay, zaka zawo zapitirira 70. Mwezi watha anagulitsa boti lawo la matabwa chifukwa mawondo sakuwalolanso kuchezera panyanja. Wogula, mnyamata wa ku Chipoka, anapereka zina pamanja, K600,000 yotsala anatumiza pa foni yanga. Meseji inalowa tili pomwepo pamchenga. Nditawaonetsa anaitenga foniyo, kuitembenuza kuyang'ana kumbuyo ngati pali poboola, kenako anati, "Iwe, boti langa lapita ndi anthu ndikuona. Ine mwandipatsa manambala."

Kuyambira tsikulo sitikumwerana madzi. Akufuna ndikatape zonse aike m'chitini chawo chosungiramo mbedza, pomwe ine ndikuopa akuba. Koma chikundisowetsa tulo ndi funso lawo. Anati foni ikagwera m'nyanja ndalama zimira nayo? Ndinati ayi. Zili mu SIM? Ndinati ayi, SIM ikatayika timakabwezeretsa nambala. "Nanga zili kuti?" Apa kukamwa kunangoti yasa, ine wa Fomu 4 ndithu. Ndithandizeni, chinthu chosagwirika, chopanda malo ake, chingakhale chenicheni?

Ejenti wa pa Kamuzu Road: Abweretseni pa kiosiki panga awerenge okha. Ndalama za pa foni sizichokera mumphepo. Kuti ine ndikhale ndi float, ndalama za pa foni zomwe ndimatumizira makasitomala, ndimayamba ndapereka makwacha enieni, ndipo lamulo la Reserve Bank limati kampani izisunga ku banki, mu akaunti yapadera, ndalama zofanana ndi zonse zili m'mafoni a anthu.

Mayi a Junior: A ejenti musatinamize, inu nomwe mumati "float yatha, bwerani mawa". Ine ndinagonapo ndi njala ndili ndi K40,000 pa foni, netiweki kulibe tsiku lonse. Madalawo ali ndi mfundo.

Wa makompyuta ku Lilongwe: Achimwene, yankho loona ndi lakuti ndalamazo ndi mzere wolembedwa m'kaundula wa pa kompyuta zikuluzikulu za kampani: nambala yakuti ili ndi zakuti. Foni yanu imangofunsa ndi kuuzidwa. Kaundulayo amakoperedwa pa makina angapo, ena akapsa ena amapitiriza. Ndiye simungaloze waya kapena bokosi n'kunena kuti ndalama ndi izi. Zili ngati ngongole ya pa golosale: kope likanyowa, ngongole siisungunuka.

Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota: Mwana wanga, usakangane ndi bambo ako pa za foni, uwafunse za pepala lomwe akulikhulupiriralo. Iwo anabadwa tikugwiritsa ntchito mapaundi ndi mashereni. Kwacha inabwera mu 1971. Mu 2012 anatulutsa ndalama zatsopano, K1,000 ya nkhope ya Kamuzu ndi K200 ya Rose Chibambo, ndipo zakale zija patapita nthawi zinasiya kugula kanthu. Ndili nazo ziwiri za K500 m'Baibulo mwanga, zosang'ambika, Chilembwe akuoneka bwinobwino, koma ngakhale wogulitsa mandasi sangazilandire. Pepala ndi lomwe lija. Chinachoka ndi kuvomereza kwa anthu. Komanso mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, za m'chitini ndi za pa foni zinafooka limodzi, chitini chili chotseka.

Mlovi wa pa Nguwo: Kkkkk aphunzitsi, mukawauza zimenezo madala asiya kukhulupirira ngakhale mapepalawo, agula mbuzi.

Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota: Mbuzi imadya msipu ngakhale boma litasintha, pamenepo sindingawatsutse. Koma boti lomwe akulilirali lakhala zaka zingati? Mufunseni mmisiri aliyense wa maboti: thabwa likaola amachotsa n'kukhoma lina, chaka chino atatu, chaka chamawa asanu, phula, misomali, penti. Agiriki akale ankakangana za chombo cha Theseus, ngwazi ya m'nthano zawo, chomwe anachisintha matabwa onse, kuti kodi n'chomwe chija kapena china. Boti limakhala boti chifukwa cha mapangidwe ake ndi ntchito yomwe anthu analipangira. Likafika poti ana akubisalamo pamchenga, ndi nkhuni.

Wolemba funso: Aphunzitsi mwandikumbutsa. Analikhoma ine ndili Sitandade 3, ndipo ndikukayika ngati latsala ndi thabwa loyamba ngakhale limodzi. Ngakhale dzina analembanso kawiri. Koma iwo amati ndi lomwe lija.

Mayi a Junior: Kusiyana kulipo. Boti likadontha madalawo amadziwa pomata ndi manja awo. Foni ikavuta adandaulira ndani? Vuto si nzeru ayi, ndi loti chuma chawo chili pa nambala ya mwana, PIN akuidziwa mwana. Inenso ndikanakhala iwo sindikanagona.

Ejenti wa pa Kamuzu Road: Apo mayi mwalasa. Atsegulireni yawoyawo ndi chiphaso chawo cha unzika. PIN asauze munthu, ngakhale woimba foni wonena kuti ndi wa ku kampani.

Wolemba funso: Zikomo nonse. Dzulo ndinapita nawo ku Boma, tinatapa K100,000. Anawerenga kawiri akunyowetsa chala, n'kuika m'thumba la mkati. Ndiye ndinawafunsa za matabwa aja. Anakhala chete mpaka pa depoti, kenako anati pansi pa boti pali mtanda umodzi wa mlombwa womwe sunasinthidwepo, ndikawaonetsa mtanda wa ndalama za pa foni adzavomera. Zotsalazo akuti tikatape Lachisanu. Wa makompyuta, mtandawo ndiwauze kuti ndi uti?