A kwathu ogwira ntchito ku Tete: za manati a matayala a kalavani

Yamikani: Akuluakulu mwaswera bwanji kumeneko? Ndithandizeni nzeru. Loweruka ndikukoka kalavani yogonamo anyamata a ntchito kuchoka pa kampu ku Moatize kupita ku Ulongue. Ndi ya ekiselo imodzi, manati asanu mbali iliyonse, malimu achitsulo. Yakhala chiimire kuyambira mvula yapitayi. Dzulo anachotsa matayala kukapopa ndi kupenta malimu, lero abwezera. Ndione chiyani ndisananyamuke?

aPhiri Makanika: Mphwanga, wati malimu apentedwa dzulo? Yambira pomwepo. Chotsanso matayala onse awiri uone ngati penti wafika kumbuyo kwa limu pamene imagundana ndi habu (chitsulo chozungulira chimene tayala limamangidwapo), komanso m'mphepete mwa mabowo mmene nati imakhala. Ngati wafika, pala ndi waya burashi kapena sandipepa mpaka chitsulo chioneke. Pa habu ponso chotsa dzimbiri, matope ndi fumbi la malasha lija.

Yamikani: Penti yekhayo angagulule tayala aPhiri?

aPhiri Makanika: Angathe. Chimene chimagwira tayala si kungolowa kwa bawuti m'bowo ayi. Ukamanga nati, bawuti imatamuka pang'ono, ndipo pofuna kubwerera m'malo mwake ndi pamene imapanikiza limu ku habu. Kutamukako n'kochepa zedi, sikufika ngakhale pa kukhuthala kwa pepala ziwiri. Ndiye pakati pakakhala penti wosauma bwino, habu ikatentha pa ulendo pentiyo amafewa n'kufinyika, kampata kaoneka, kukoka kwa bawuti kwatha. Nati ikadali pomwe unaisiya koma sikugwiranso kanthu. Limu imayamba kusewera, mabowo amadyeka, kenako mabawuti amadulika limodzi limodzi.

Bambo a Tadala: Ndipo choipa cha kalavani ndi thirela, woyendetsa sumva kanthu. Tayala la galimoto likakhwefuka chiwongolero chimakuuza. La kumbuyoko umangoliona pa galasi likukupitirira.

Che Jafali wa Matayala: Kamangidwe kake ndi aka achimwene. Tayala lili m'mwamba pa jeke, lowetsani manati onse ndi zala mpaka afike. Nati yokana ndi zala musaikakamize ndi sipanala, mazinga ake ndi olakwika kapena aphwanyika. Kenako mangani pang'ono ndi wilo sipanala modumphadumpha: woyamba, wachitatu, wachisanu, wachiwiri, wachinayi. Mukamanga mozungulira motsatana limu imakhala mopendekeka. Tsitsani jeke tayala ligunde pansi, mangani theka la mphamvu yake modumpha momwemo, kenako mphamvu yonse ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene imalira ikafika pa nambala imene mwaitchera. Pomaliza zungulirani onse kamodzi kuti pasatsale woiwalika.

Yamikani: Mphamvu yake ndi zingati?

Che Jafali wa Matayala: Yambani mwaona buku la kalavaniyo kapena kachitsulo kolembedwa pafupi ndi chitseko kapena pa chokokera. Pa makalavani ambiri a ekiselo ya kampani ya AL-KO okhala ndi mabawuti a M12 (onenepa mamilimita 12), limu yachitsulo ndi 88 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira). Ya aluminiyamu imafuna yoposa, 115 mpaka 130 malinga ndi amene anaipanga. Musatengere nambala ya galimoto yokokayo. Land Cruiser ya mabawuti a M14 pa limu yachitsulo imapitirira 200, mukaika imeneyo pa M12 mwadula.

Madalitso wa ku Domwe: Ine ndimaona ngati mukuchulutsa gaga m'diwa akuluakulu. Kuno timangoika paipi pa sipanala, munthu n'kukwerapo, nati siimasukanso. Ndi kaoilo pang'ono pa mazinga kuti isachite dzimbiri.

aPhiri Makanika: Madalitso, zonse ziwirizo ndi zimene zimadula mabawuti. Tiwerengere limodzi. Munthu wa makilo 70 akaima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi akupereka pafupifupi 690 Nm. Bawuti ikufuna 88. Wapyola pafupifupi ka 8. Bawuti yotamuka mopitirira muyeso sibwereranso, imaonda pakhosi, ndipo ngakhale ikuoneka yolimba lero idzaduka pa dzenje loyamba. Pa limu yachitsulo kamlomo kotukuka kozungulira bowo kaja kamaphwatalalanso, nati n'kusowa pokhala. Za oilo nazo: nambala zimene Che Jafali atchulazi ndi za mazinga ouma. Ukapaka oilo kapena girizi nati imaterera, ndiye torque wrench isanalire bawuti yakokedwa kale mopyola. Mazinga a dzimbiri pukuta ndi waya burashi basi.

Madalitso wa ku Domwe: Nanga a pa malo opopera matayala aja amamanga ndi makina a mpweya?

Che Jafali wa Matayala: Makina amenewo ndi omasulira ndi kufikitsira chabe. Akamanga nawo mpaka kumapeto simudziwa kuti aika zingati. Ndipo apa ambiri amanamizidwa: mukaika torque wrench pa nati yomangidwa kale mopyola imalira nthawi yomweyo, inu n'kumati zili bwino. Kulirako kukungotanthauza kuti siili pansi pa 88, sikukuuzani kuti ili pa 300. Yamikani, poti amanga ndi ena, masulani nati iliyonse mumange nokha. Ikalira kamodzi siyani, osabwereza kuti ilire kawiri katatu.

Yamikani: Torque wrench pa kampu ino sindinaionepo.

Nabanda wa ku Sitolo: Ilipo ku sitolo ya zida achimwene, anthu safunsa chabe. Amene mulibe kwanu, m'mashopu a zida mu mzinda wa Tete funsani chave dinamométrica ya theka la inchi, yoyambira cha m'ma 40 kufika 200. Soketi tengani yautali, yambali zisanu ndi imodzi, 17, 19 kapena 21 malinga ndi manati anu. Yesani pa nati musanalipire.

aPhiri Makanika: Ukakhala kutchire kopanda chida chimenecho, sikelo yopachika ija yoyezera matumba imathandiza. Yeza masentimita 50 pa mkono wa sipanala kuchokera pakati pa nati, kola sikelo pamenepo, koka mowongoka mopingasa ndi mkonowo. Ikawerenga makilo 18 wafika pa 88 Nm. Makilo 22 ndi pafupifupi 110. Si yolondola ngati torque wrench koma ikuposa kulumphira pa paipi.

Bambo a Tadala: Tsono chachikulu chimene anthu amachinyalanyaza ndi kuima panjira. Tayala lililonse lomwe langobwezeredwa limakhazikika likayenda, ngakhale munapala bwino. Tcherani makilomita pa dashibodi mukamatuluka pa geti. Akakwana 50 pezani malo otakasuka kunja kwa phula muyeze manati onse khumi. Msewu wa EN7 uli ndi mathiraki ambiri opita ku Zobue, ndiye osaima pokhota, valani chovala chonyezimira, ikani matirayango. Mukafika pa Mussacama musanakhotere ku Ulongue yezaninso, chifukwa kutsogoloko ndi zitunda ndi zokhota. Mukapeza nati imene yayenda ulendo wachiwiriwu, pali vuto lina, si kukhazikika chabe. Chotsani tayalalo muone.

Nabanda wa ku Sitolo: Mukamaliza kumanga lembani mzere ndi cholembera cha penti kuchokera pa nati kufika pa limu. Mzere ukasemphana mwadziwa ndi maso. Kapena tizisonga tapulasitiki tachikasu timene mumationa pa magalimoto a ku migodi, mumatiika toyang'anizana tiwiritiwiri. Koma tizisongato timangoonetsa kuti nati yazungulira. Penti akafinyika nati osazungulira, sitikuuzani kanthu, ndiye kuyeza kusalekeke.

Bambo a Tadala: Muziyambira tayala la kumanzere. Ndi limene limaguluka kawirikawiri. Kuno timayenda kumanzere ngati kwathu, ndiye ilo ndi lomwe limadya m'mphepete mokumbika mwa phula, komanso nati ya mbali imeneyo ikangokhwefuka pang'ono kazunguliridwe ka tayala kamaithandiza kumasuka.

aPhiri Makanika: N'chifukwa chake malole ena a ku Japan, monga ma Canter ndi ma Isuzu akalekale, manati a kumanzere ndi a mazinga obwerera, pamutu pa bawuti pamalembedwa L. Mathirela owotcherera kuno ena anaikidwa ekiselo yochotsa ku malole otere. Yang'ana chilembocho usanayambe kulimbana ndi nati poganiza kuti yakakamira.

Yamikani: Ndapita kukaona. Penti alipo ndithu kumbuyo konse. Komanso kumanzere manati awiri ndi osiyana ndi anzawo, ndi aatali, kunsi kwake n'kophwatalala kuli kawashala.

Che Jafali wa Matayala: Amenewo ndi a limu ya aluminiyamu ya Toyota, wina anangotola. Achotseni. Pokhalira nati pali mitundu itatu: posongoka ngati fanulo ya madigiri 60, pobulungira, ndi pophwatalala pa washala. Nati iyenera kufanana ndi bowo la limu. Yosiyana imangogunda ndi kamzere kochepa, imaoneka yomangika koma pakangopita makilomita ochepa yadya malo n'kukhwefuka. Mazinga nawonso amanyenga. Toyota ndi M12 ya mazinga otalikirana mamilimita 1.5, Nissan ndi M12 ya 1.25, mathirela ena ndi theka la inchi. Zonsezi zimalowa kawiri katatu kenako n'kuyamba kulimba, munthu n'kumalizitsa ndi sipanala, mazinga apita. Ku msika wa Kwachena kapena ku shopu pitani ndi nati yoyambirira m'thumba. Ndipo muwerenge kuzungulira kwake: pa M12 ya 1.5 nati izungulire kosachepera ka 8 isanafike pa limu.

Madalitso wa ku Domwe: Sipeya nayo muiyese. Zambiri zimangomangiriridwa kumbuyo osadziwa ngati ikulowa.

Che Jafali wa Matayala: Apo wanena zoona Madalitso. Mabowo asanu sikuti ndi ofanana onse. Pali 5x112 (mabowo asanu pa bwalo la mamilimita 112) ndi 5x114.3, pa anayi pali 4x100 ndi 4x101.6. Ndi maso simungasiyanitse, limu imalowa, koma nati iliyonse imakhalira mbali imodzi ya bowo ndipo bawuti imapindika pomanga. Chizindikiro chake: limu ikalowa, mabawuti sakhala pakatikati pa mabowo onse.

aPhiri Makanika: Tisaiwale kuti tayala limathanso kuchoka manati onse ali chimangire, kupita pamodzi ndi habu. Kalavani yaima miyezi yonseyi, ndiye tayala lili m'mwamba gwira pamwamba ndi pansi ugwedeze. Likamagogoda, kapena polizungulitsa likamalira ngati muli mchenga, tsegula kachipewa ka pakati uone mabering'i. Girizi wotuwa ngati mkaka ndiye kuti munalowa madzi. Tsuka, yang'ana timagudumu ngati tili ndi mabala kapena tasanduka tabuluu, sintha pamodzi ndi siilo. Pobwezera, nati ya mano yogwira habu ija umamanga ndi sipanala uku ukuzungulitsa habu mpaka ikhazikike, n'kubweza, n'kufikitsa ndi zala, kenako n'kubweza pang'ono mpaka mpata ukumane ndi bowo. Sipiliti pini ikhale yatsopano. Msomali kapena waya ayi. Ukathinitsa kwambiri bering'i imapsa. Koma ukatsegula n'kupeza nati yopanda mano ndi pini, ya habu zomata za AL-KO zija, imeneyo ndi ya 290 Nm ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha. Ngati ulibe yatsopano usaimasule.

Bambo a Tadala: Poima paja yandikizani kuseri kwa dzanja pa habu zonse ziwiri. Kufunda n'kwachibadwa, makamaka ndi dzuwa la kuno la Okutobala ndi Novembala lopitirira madigiri 40. Koma imodzi ikatentha kuposa inzake moti simungakhudze, ndi bering'i kapena mabuleki akugwira. Kalavani yosiyidwa ndi handibuleki nyengo yonse ya mvula, nsapato za mabuleki zimamatirira ku dilamu. Musanapite patali onetsetsani kuti matayala onse akuzungulira momasuka.

Nabanda wa ku Sitolo: Pokweza pa jeke kalavani ikhale yokoledwa ku galimoto, tayala linalo litsekedwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Jeke akhale pansi pa ekiselo kapena pamalo ake pa chasisi, ndi thabwa pansi ngati ndi pa dothi. Timiyendo ta m'makona tija si jeke, timapindika. Ndipo onani zaka za matayala.

Yamikani: Pambali palembedwa 195R14C, ndipo kumapeto kwa DOT pali 3517.

Che Jafali wa Matayala: Sabata ya 35 ya chaka cha 2017. Lakalamba limenelo ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano. La kalavani likakwana zaka 5 muziganiza zosintha, likapitirira 7 lisayendenso. Auzeni abwana agule. Saizi imeneyo, ikakhala ya nambala yonyamulira katundu 106, imanyamula makilo 950 tayala limodzi pa 4.5 bar, ndiye mpweya muike malinga ndi kulemera kwa kalavani, muyeze m'mawa matayala asanatenthe. Likaphulika kumbuyoko, kugwedeza kwake kumamalizanso manati.

Yamikani: Nditapala pa limu ya kumanzere ndapeza mabowo awiri atalika ngati dzira, m'mbali mwake mukunyezimira. Ndi omwe munali manati achilendo aja.

aPhiri Makanika: Limu imeneyo yatha, ndipo asakunamize wina kuti aiwotcherera. Ikani ina. Tayalalo linayendapo kale lili lokhwefuka, ndiye mabawuti a habu imeneyo atopa onse, sintha asanu onse osati awiri okha. Pogogoda akalewo chotsa habu uiike pa benchi kuti usavulaze bering'i, atsopanowo akhale mpaka mutu ugunde kumbuyo osasiya mpata. Mabawuti atsopano amakhazikikanso, choncho kumanzereko uyeze msanga, ukangoyenda makilomita 20, kenako pa 50 paja.

Nabanda wa ku Sitolo: Torque wrench mudzasainire Lachisanu isanakwane 4 koloko achimwene, Loweruka sitolo sititsegula. Musamasulire nayo manati, ndi yomangira yokha. Pobweza muitsitse pa nambala yotsikitsitsa musanaiike m'bokosi, sipuling'i yake imafooka ikagona yokoka.