Za mwambo woitana mzimu uja: ndinapitadi

Mwezi watha ndinakufunsani ngati n'koyenera kupita ku mwambo umene anansi anga a mtundu wa Hmong (anthu ochokera ku Asia) kuno ku Saint Paul, Minnesota, m'dziko la America, anandiitanira. Mwana wawo anachita ngozi ya galimoto, ndipo chichitikire ngoziyo ankangodzidzimuka usiku, chakudya osachifuna. Iwo amati mantha aakulu amathamangitsa mzimu m'thupi, ndiye umafunika kuuitana kuti ubwerere. Mwambowo amautcha hu plig.

Ndinapitadi. Agogo a mwanayo anaima pakhomo chitseko chili chotsegula, pambali pawo pali dzira, mpunga, zofukiza ndi nkhuku, n'kuyamba kuitana mzimuwo ngati mmene mayi amaitanira mwana wochedwa kubwera madzulo. Kenako tonse, ine ndemwe, tinamumanga mwanayo ulusi woyera padzanja, aliyense akumufunira mafuno abwino.

Ena munati ndisakapondeko, n'zaziwanda. Choopsa sindinachione. Ndinaona mnyamata amene ankangodzitsekera kuchipinda atakhala pakati pa abale ake, akulira, pambuyo pake n'kudya mbale yonse.

Kuchipatala sanasiye ayi, amakaonanabe ndi katswiri wa zamaganizo sabata iliyonse. Mayi ake akuti tulo tayamba kubwera, koma chiwongolero sanachigwirebe.