Kodi jakisoni wa Depo ndi amene akundichedwetsa kutenga pakati?

Nachisale wa ku Area 25:
Ndakhala ndikubayitsa jakisoni wa Depo-Provera kwa zaka 4, ndipo womaliza ndinabayitsa miyezi 7 yapitayo chifukwa ine ndi amuna anga tinagwirizana zokhala ndi mwana wachiwiri. Chisiyireni ndasamba kamodzi kokha, moti apongozi ayamba kunena kuti jakisoni anandiumitsa chiberekero. Mnzanga wandilangiza kuti ndigule mapiritsi othandiza kukhwimitsa mazira otchedwa Clomid ku famase. Ndiwonjezere kuti amuna anga amanyamula zitsulo, ndipo kwa chaka tsopano amadzibaya homoni yachimuna ya testosterone imene amagula kwa anzawo. Kodi ndiyambe kumwa Clomid kapena ndidikire?

Mzamba wopuma ntchito:
Mayi, mtima ukhale m'malo pa nkhani ya Depo. Jakisoniyu ali ndi mamiligalamu 150 a medroxyprogesterone, mankhwala ofanana ndi homoni ya progesterone imene thupi la mayi limapanga likatulutsa dzira. Akakhala m'magazi, kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary kamachepetsa kutulutsa mahomoni a LH ndi FSH, ndiye dzira silikhwima kapena kutuluka, ndipo chikazi cha pakhomo la chiberekero chimalimba kuti mbewu ya abambo ivutike kudutsa. Timauza amayi kuti azibwera pakatha miyezi 3 iliyonse, koma mankhwalawo satheratu m'thupi pa tsiku limenelo, amachoka pang'onopang'ono. Nchifukwa chake amayi ambiri amatenga pakati patatha miyezi pafupifupi 10 chibayitsireni jakisoni womaliza, ndipo ena amafika miyezi 18. Kuchedwaku sikudalira kuchuluka kwa zaka zimene munabayitsa. Kusamba kamodziko ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kubwerera m'chimake, ndipo apongozi anu muwauze mwaulemu kuti chiberekero sichiuma ndi jakisoni.

Dokotala wa ku Mzuzu:
Ndikugwirizana ndi amayi azamba, koma ine chandigwira mtima ndi chimene mwachitchula ngati chongowonjezera. Anthu ambiri amaganiza kuti popeza testosterone ndi homoni yachimuna, kudzibaya kumawonjezera mphamvu yobereka, pamene zoona zake n'zosiyana kwambiri. Ubongo ukaona kuti homoniyi yachuluka m'magazi umasiya kutumiza LH ndi FSH, monga mmene zimakhalira kwa mayi wa pa Depo. Zikatero machende amasiya kupanga testosterone wawowawo, amene amafunika kukhala wochuluka kwambiri mkati mwake kuti mbewu ipangike, ndipo wobayayo safikamo pa mlingo umenewo. Bamboyo amaoneka wadzitho, chilakolako chimakhalapo, umuna umatuluka monga mwa masiku onse, koma mbewu imakhala yochepa kapena mulibiretu. Mphamvu yochepetsa mbewuyi ndi yodziwika bwino, moti bungwe la WHO linayesapo jakisoni wa testosterone wa sabata ndi sabata ngati njira yolerera ya abambo.

Choncho n'kutheka kuti m'nyumba mwanumo amene akulera panopa ndi bambo, ngakhale iwo sakudziwa. Apite kuchipatala akayezetse umuna atakhala masiku 2 mpaka 7 osagona nanu, ndipo akamuuze dokotala dzina la mankhwala ndi mlingo umene amabaya, osabisa. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, kotero musayembekezere kusintha m'mwezi woyamba atasiya kudzibaya. Abambo ambiri amabwerera m'chimake pasanathe chaka atasiya, ena amafika zaka 2, ndipo mbewu ikachedwa kubwerera madokotala amatha kupereka homoni ya hCG, imene imagwira ntchito ngati LH. Akasiya amatha kumva kufooka ndi kukhumudwa kwa kanthawi, nchifukwa chake ndi bwino kusiya mothandizidwa ndi achipatala.

Mayi wa mapasa:
Za Clomid ndiyankhe ine amene ndinamwapo. Mankhwalawa amapusitsa ubongo kuti uone ngati homoni yachikazi ya estrogen yachepa, ndiye umatulutsa FSH wambiri kuti mazira akhwime. Ndinkamwa mamiligalamu 50 kwa masiku 5 kumayambiriro kwa msambo, koma asanandilembere anayamba ayeza amuna anga ndi kuona ngati njira zanga za mazira zinali zotseguka. Anandiuzanso kuti sitidzapitirira miyezi 6, ndiponso kuti ndisiye msanga maso akayamba kuona mbuu. Mimba ya mapasa imene inatsatira inali yovuta, ndinagonekedwa kawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mukagula nokha pamene vuto lili kwa bambo, mudzangotaya ndalama ndi kudziika pangozi pachabe.

Nachisale wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Clomid ndamuika pambali. Usiku uno ndiwawerengera amuna anga yankho la adokotala, chifukwa ndikawauza ndi pakamwa panga adzati ndikufuna kuwasenzetsa mlandu. Funso langa lotsala ndi lakuti, kodi kuyezetsa umunako amafunika kalata yochokera ku chipatala chaching'ono?