Opita ku Mars akayambana, adzawaweruza ndani?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ku International Space Station, malo ochitirako kafukufuku omwe amazungulira dziko lathu mumlengalenga, anthu amakhala miyezi pafupifupi 6, ndipo zikavuta amalankhula ndi owayang'anira pansi pano nthawi yomweyo. Ku Mars ndi nkhani ina: uthenga ungatenge mphindi zoposa 20 kuti ufike kuno, yankho nalo chimodzimodzi. Ndiye awiri akakwiyitsana zimatha bwanji? Kothawira kulibe, nkhope ndi zomwezo m'mawa ndi madzulo, ngakhale katafunidwe ka mnzako kamayamba kukunyansa.

Ku Moscow, pa kafukufuku wa Mars-500 woyerekezera ulendo wa ku Mars, anatsekera amuna 6 kwa masiku 520 kuyambira mu 2010, ndipo ena tulo tinawasokonekera. NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a mumlengalenga, nayo inatsekera anthu 4 ku Houston kwa masiku 378. Komatu onsewa ankadziwa kuti khomo lili pomwepo, atafuna atuluka, choncho ine sizikundikhutiritsa kwenikweni.

Posankha gulu lotere, amayang'ana kwambiri luso la munthu kapena kuugwira mtima? Nanga wovutayo akakhala mtsogoleri weniweniyo, enawo amaloledwa kutani? Amene munawerengako za maphunziro awo, ndifotokozereni chonde.