Flash ndi softbox: ndigule kapena ndidikire kaye?

Tadala: Akuluakulu, ndaika zithunzi zitatu za mng'ono wanga. Ndajambulira m'chipinda pafupi ndi zenera, lenzi ya 50mm yotsegula kwambiri pa f/1.8, kenako ndakonza mu pulogalamu ya Lightroom ya pafoni. Mundiuze chilungamo, musandinyengerere. Komanso ndasunga kandalama, ndipo mtima uli pa flash ya Godox AD200 ndi softbox, bokosi lansalu lofewetsa kuwala kwa flash. Kwa munthu wongojambula mokonda ngati ine, n'zoyeneradi kugula kapena ndikungotengeka?

Mphatso: Gulani achemwali, musachedwe. Onani chithunzi chachiwiricho, mbali imodzi ya nkhope yada bii, diso lakumanzere silikuoneka n'komwe. Zenera limakulamulirani, dzuwa likapendeka ntchito yathera pomwepo. AD200 ili ndi mphamvu ya 200Ws, imayendera batire, ndipo mutha kupita nayo panja masana n'kulimbana ndi dzuwa.

Bambo a Yamikani: Ine ndikukana, a Mphatso. M'zithunzizi kuwala kulipo kokwanira, vuto ndi pomwe mwamuimika mwanayo. Mwamugunditsa kuzenera, atapereka khutu kuzenerako. Kuwala kumatha mphamvu msanga pamene kukutalikira komwe kukuchokera. Nyale mukaitalikitsa kawiri, kuwala kofika pankhope kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye munthu akayandikira kwambiri, tsaya lapafupi limapsa pomwe linalo lili mumdima. Softbox mukaiyika moteromo idzakupatsani chithunzi chomwechi, kungoti ndalama zatuluka.

Yesani izi mawa. Musunthireni m'kati mwa chipinda pang'ono, ndipo atembenuzire nkhope kuzenera pang'onopang'ono, inu mukuyang'ana tsaya la kumdima. Mthunzi wa mphuno ukakumana ndi mthunzi wa tsaya, pansi pa diso pamatsala kachigamba kowala ka makona atatu. Imani pomwepo. Kaunikidwe kameneka amakatchula dzina la Rembrandt, katswiri wojambula pamanja wa ku Netherlands wa m'zaka za m'ma 1600, ndipo iyeyo analibe flash. Mbali ya kumdimako ikani reflector kapena chipepala chachikulu choyera kuti chibweze kuwala.

Mphatso: Rembrandt analibe flash, inde, komanso analibe makasitomala obwera usiku.

Tadala: Kkkk makasitomala ndilibe a Mphatso, ndimangojambula abale ndi anzanga.

Thoko: Pa kakonzedwe palibe wanenapo, ndiye ndinene ine, usakhumudwe mnzanga. Khungu walisalaza mopitirira, mwanayo akuoneka ngati chidole cha pulasitiki. Timabowo ta pakhungu tafufutika tonse, koma nsidze ndi tsitsi zili chakuthwa, ndiye diso likuona msanga kuti pagwiridwa. Ndikuganiza kuti umafuna kubisa kunyezimira kwa pachipumi. Pamenepo pawala mpaka kuyereratu, ndipo pomwe payereratu palibe chomwe pulogalamu ingabweze. Wajambula mu JPEG eti? JPEG imasunga milingo 256 yokha pa mtundu uliwonse, pomwe RAW, fayilo yosakonzedwa yochokera m'kamera, pa makamera ambiri ndi 12 kapena 14 bit, kutanthauza milingo masauzande, ndiye imakusiyira mpata wotsitsa kuwala osawononga khungu.

Koma pa softbox ndili mbali ya a Mphatso. Khungu lakuda limaonetsa maonekedwe a nkhope kudzera m'malo onyezimira, pachipumi, pamphuno ndi pamasaya. Nyale yaing'ono imasiya kadontho kowala kwambiri kooneka ngati thukuta. Nyale yaikulu yoyandikira imayala kunyezimirako mofewa, nkhope n'kuoneka bwino osafuna kusalaza.

Bambo a Yamikani: Zoona zimenezo mayi, koma zenera lalikulu lotchinga ndi nsalu yoyera yopyapyala ndi nyale yaikulunso. Chinanso Tadala, usamakhulupirire kamera pa khungu lakuda. Kachipangizo kake koyezera kuwala kamafuna kuti chilichonse chikhale chotuwa chapakatikati, ndiye nkhope yakuda ikadzaza chithunzi kamawonjezera kuwala, khungu n'kumbuwa. Nkhani ya khungu lakuda ndi makamera ndi yakale. Kuyambira m'ma 1950 otsuka zithunzi ankalinganiza mitundu poyang'ana makadi a Kodak otchedwa Shirley, omwe kwa zaka zambiri ankakhala ndi mayi wachizungu yekha. Ika pa manual, uziyang'ana pachipumi kuti pasapse.

Limbani: Nonse mukukamba ngati AD200 imagulidwa yokha. Pafunika trigger ya pakamera (kachipangizo kouza flash kuti iwale), stand, ndi bracket yogwirizira softbox, chifukwa ma softbox ambiri ali ndi polumikizira potchedwa Bowens mount ndipo AD200 silowa mwachindunji. Mukaphatikiza zonse kandalama kaja sikakwana. Komanso flash siyikuonetsani mithunzi musanajambule, mumajambula, kuyang'ana, kusuntha, kujambulanso. Munthu amene sanazolowere kuona mthunzi pazenera, pamene zonse zili poyera, adzavutika kawiri.

Ngati mtima wakakamira pa flash, tengani TT600, flash yaing'ono ya Godox yomweyo, ndi ambulera yoyera yofewetsera kuwala. Imagwiritsa mabatire anayi a AA, m'chipinda mphamvu yake ndi yokwana, ndipo trigger yomweyo idzagwiranso ntchito pa AD200 mukadzaigula. Mungokumbukira kuti liwiro la shutter lisapitirire 1/200 kapena 1/250 ya sekondi, malinga ndi kamera yanu, apo ayi mudzaona mzere wakuda m'mphepete mwa chithunzi.

Mphatso: TT600 panja masana ndi softbox sipita patali, mudzagula kawiri.

Limbani: Wanena kuti amajambulira m'nyumba aise.

Tadala: Nanga ndalamazo nditalipira Photoshop m'malo mwake? Ndimaona anthu akuchita frequency separation, njira yokonzera mtundu wa khungu padera ndi timabowo take padera, khungu limatuluka bwino zedi.

Thoko: Ayi, pamenepo ndikukaniza ndithu. Kuyambira 2013 Adobe inasiya kugulitsa Photoshop yatsopano yolipira kamodzi, ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ukasiya kulipira yatsekeka. Darktable imatsegula RAW, GIMP imachotsa ziphuphu, zonse ndi zaulere. Frequency separation m'manja mwa wophunzira ndiyo imabala nkhope zosalala ngati zomwe watumizazi. Ine ndimachotsa zokhazo zomwe zikanatha zokha pakapita masiku, monga chiphuphu kapena kukandika. Chipsera chakale ndi timadontho tobadwa nato ndimasiya, pokhapokha mwiniwake atapempha. Zotsalazo ndi dodge and burn, kuwalitsa ndi kudetsa pang'onopang'ono, utatsitsa mphamvu ya burashi. Ndipo mtundu wa khungu usaugwire. Pachithunzi chachitatu nkhope yayera kuposa khosi ndi manja.

Bambo a Yamikani: Pachitatu chomwecho pali babu ya m'nyumba yoyaka kumbuyo. Pa muyeso wa mtundu wa kuwala, kuwala kwa masana kumakhala cha m'ma 5500K, babu yachikasu ili cha m'ma 3000K, ndiye tsaya limodzi lafiira, lina likupita ku buluu. Zimitsa babuyo. Komanso tseka lenzi ifike f/2.8, chifukwa pa f/1.8 diso limodzi lokha ndi lomwe lagwira.

Tadala: Zikomo nonse. Ndigula reflector kaye, ndijambulenso mu RAW babu nditazimitsa, ndidzaika pano muone. AD200 idikire. Koma TT600 ija ikundikoka ndithu, a Limbani.

Limbani: Ikakukokani, chenjerani pa trigger. Flashyo ndi ya manual, imagwira pa makamera ambiri, koma trigger imatsata mtundu wa kamera. Onani chilembo cha kumapeto kwa dzina lake, C ndi Canon, N ndi Nikon, S ndi Sony. Kamera yanu ndi iti?