Tasintha pisitolo, koma akalekale ndiwo akulephera chandamale

Mlangizi wa mfuti: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Gulu lathu la apolisi latula pisitolo ya Beretta 92 n'kulandira ya Glock 17, ndipo lamulo lochokera kwa mabwana ndi lakuti aliyense ayesedwenso kuwombera chandamale asanaloledwe kutuluka nayo kuntchito. Achinyamata ongochoka kusukulu ya apolisi akukhoza bwinobwino, koma amene anyamula mfuti kwa zaka zambiri zipolopolo zawo zikugwera pansi chakumanzere. Ndauzidwa kuti ndingowaonjezera zipolopolo awombere mpaka akhoze, koma mtima wanga sukuvomera.

Wosunga zida: Bwana mlangizi, zipolopolo zimenezo mungozitaya. Mfuti ziwirizi zonse ndi za 9mm, koma thiriga yake, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, njosiyana kwambiri. Pa Beretta kukoka koyamba nkolemera ndiponso kotalika, pafupifupi makilogalamu 5, ndipo kukoka kotsatira kumapepuka, pamene Glock imakokedwa mofanana nthawi zonse, pafupifupi makilogalamu 2.5. Chala chozolowera kulimbana ndi kulemera kuja chimakoka mwamphamvu, ndipo kwa munthu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja mlomo wa mfuti umagwa chakumanzere. Zili ngati dalaivala wa galimoto ya magiya amene phazi lake limafunabe klatchi m'galimoto ya otomatiki.

Sajeni wopuma pantchito: Ine kuphonya chandamale sikukundidetsa nkhawa kwenikweni. Chondiopsa n'chakuti akalekale ambiri anazolowera kugoneka chala pa thiriga akangosolola mfuti, podalira kulemera kwa kukoka koyamba ndi safety ya pambali (kabatani kotsekera mfuti kuti isalire), zomwe Glock ilibe. Apolisi a Sheriff ku Los Angeles County ku America atachoka pa Beretta 92 n'kupita pa Smith & Wesson M&P, pisitolo ya thiriga yopepuka ngati Glock, mfuti zolira mwangozi zinakwera kuchoka pa 12 m'chaka cha 2012 kufika pa 30 mu 2014, ndipo ofufuza anapeza kuti maphunziro osinthira mfutiwo anali ochepa poyerekeza ndi chizolowezi chimene anthu anali nacho. Ku New York anasankha kulemeretsa thiriga ya Glock mpaka kupitirira makilogalamu 5, koma ambiri anadandaula kuti kulasa chandamale kunavuta. Choncho musayeze kulasa kokha, bwana. Yang'anani pomwe chala chili munthu akamasolola ndi akamabwezera mfuti.

Mlangizi wa mfuti: Zikomo bwana sajeni. Nanga ndiyambire pati, poti nthawi yomwe tapatsidwa kurenji, kumalo ophunzirira kuwombera, njochepa?

Mlangizi wamkazi wa gulu lina: Achimwene, zambiri sizifuna renji. Ife tinayambira m'kalasi ndi mfuti zopanda zipolopolo, magazini onse (moikamo zipolopolo) titawasiya kunja kwa chipindacho, ndipo aliyense ankasolola, kulozetsa ndi kubwezera mfuti chala chili chowongoka pambali, mnzake akumuyang'anitsitsa. Titapita kurenji tinkasakaniza zipolopolo zenizeni ndi zabodza m'magazini imodzi, wowomberayo osadziwa pomwe zili. Akafika pa chabodza mfuti siilira, koma mlomo wake umagwedera pansi iye mwini akuona, ndipo ngakhale inspekita wouma mutu sakananso kuti vuto lili m'dzanja lake. Funso langa ndi lakuti, kodi ma holster, zikwama za m'chiuno zosungiramo mfuti, mwasintha?

Mlangizi wa mfuti: Ena akugwiritsabe ntchito akale a nsalu, chifukwa atsopano sanafike okwanira.

Wosunga zida: Pamenepo ndiye musalole m'pang'ono pomwe. Holster yofewa imapindikira mkati, ndipo lamba wake kapena nsonga ya malaya ikalowa pa thiriga pobwezera, Glock imalira mwendo uli pomwepo. Chinanso muwaphunzitse n'chakuti pophwasula Glock kuti aitsuke munthu amayenera kukoka thiriga, zomwe pa Beretta sankachita. Achotse magazini poyamba, akokere slide (chigawo chapamwamba cha mfuti) kumbuyo, aone ndi maso ndi kupisa chala mu chamber (mmene mumakhala chipolopolo chodikira kuwomberedwa), ndipo alozetse mfuti mu mgolo wa mchenga asanakoke.

Mlangizi wa mfuti: Ndamva. Ndilembera mabwana kuti mayeso aimitsidwe kufikira ma holster olimba atakwanira, kuti tiyambe ndi maphunziro a m'kalasi, ndiponso kuti aliyense woika chala pa thiriga nthawi isanakwane alephere ngakhale atalasa pakati penipeni. Mayi, chonde nditumizireni ndondomeko yomwe munatsata kuti ndiiphatikize ku kalatayo.