Kodi munthu amakonzekera bwanji kukadya kaiseki ku Kyoto?

Wophunzira wa ku Osaka:

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Osaka, m'dziko la Japan, kumene ndikuchita maphunziro, ndipo mwezi wa Julayi mayi a kunyumba akubwera kudzandiona kwa milungu iwiri. Chaka chino tikukwanitsa zaka khumi tili pa banja, choncho ndikufuna kuti tsiku limodzi tidzakwere sitima kupita ku Kyoto kukadya chakudya chimene eni dziko amachitcha kaiseki, pa malo amodzi mwa aja amene buku la Michelin, lounika malo odyera, linawapatsa nyenyezi zosonyeza kupambana kwawo. Ndakhala ndikusunga ndalama pang'onopang'ono, koma mtima wanga sunakhazikike. Zithunzi zimene ndaona zikuonetsa timbale tating'ono tokhala ndi chakudya chongokwana pakamwa kawiri, ndipo ndikuopa kuti tidzalipira ndalama zambiri n'kutuluka ndi njala. Komanso mayi a kunyumba sanadyepo nsomba yaiwisi chibadwire, ndipo sindikufuna kudzawaika pa manyazi pamaso pa anthu. Amene munafikako, ndithandizeni nzeru.

Mayi wa ku Nagoya:

Achimwene, za njalazo musade nazo nkhawa. Timbale timene mwaona timabwera motsatizana kwa maola awiri kapena atatu, nthawi zambiri timakwana khumi kapena kuyandikira pamenepo, ndipo chakumapeto amabweretsa mpunga, msuzi wa miso (phala la soya wosasitsa) ndi masamba osungidwa mu mchere. Mpunga ukatsala mu mphika, malo ambiri amakufunsani ngati mukufuna kuwonjezera. Ine ndinatuluka nditakhuta, ngakhale kuti kukhuta kwake si kolemera m'mimba ngati kwa nsima.

Chimene ndikufuna kuti mumvetse musanapite n'chakuti kaiseki ndi chakudya cha nyengo. Mwambowu unachokera ku chakudya chopepuka chimene ankapatsa alendo asanamwe tiyi, m'masiku a Sen no Rikyū, katswiri wa mwambo wa tiyi amene anamwalira mu 1591, ndipo mpaka lero wophika amafuna kuti mlendo adziwe mwezi umene ali pongoyang'ana m'mbale. Mu Epulo mumapeza mphukira za nsungwi, mu Okutobala bowa wa matsutake, m'miyezi yozizira nkhanu. Inu mukupita mu Julayi, mwezi wa chikondwerero cha Gion, ndipo nthawi imeneyo ku Kyoto nsomba yake ndi hamo, yaitali ngati mkunga komanso yodzaza ndi minga ing'onoing'ono yosatheka kuichotsa. Wophika amaitema ndi mpeni wolemera, mothinana kwambiri, kudula mingayo koma osaboola khungu, ndipo akaiviika m'madzi otentha mnofu wake umatambasuka ngati duwa loyera. Mukakhala pafupi ndi pophikira mumamva kulira kwa mpeniwo pa minga. Luso limeneli munthu amaliphunzira kwa zaka zambiri, ndipo ndi gawo la zimene mukulipira.

Koma mbale imene eni ake amayesera luso la wophika ndi ya msuzi woyera, imene imabwera yovundikira, kawirikawiri chakumayambiriro. Maziko a msuziwo ndi dashi, amene amamupanga ndi zinthu ziwiri zokha: ndere za m'nyanja zouma zotchedwa kombu, zimene zambiri zimachokera ku Hokkaido, ndi nsomba yowamba youmitsidwa mpaka kulimba ngati mtengo, imene amaipala kukhala timapepala. Kukoma kwa kombu n'kumene wasayansi Kikunae Ikeda anakufufuza mu 1908 n'kukupatsa dzina loti umami. Ife amene tinazolowera ndiwo za tomato, anyezi ndi mchere womveka, tikalawa koyamba timaganiza kuti aiwala kuthira kanthu. Ndikupemphani kuti mukavundukula mbaleyo muyambe mwanunkhiza nthunzi yake, kenako mumwe pang'onopang'ono osafulumira kuweruza, chifukwa kukomako kumabwera pambuyo ndipo kumakhalitsa pa lilime. Ine ndinakumvetsa nditatsala pang'ono kumaliza mbaleyo, ndipo mpaka lero ndi chinthu chimene ndimakumbukira kuposa zonse za tsiku limenelo.

Bambo wa ku Kobe:

Ndikugwirizana ndi amayi pa nkhani ya msuzi, koma pa nkhani ya nyenyezi ndili ndi maganizo ena. Malo otchuka ngati Kikunoi, amene anayamba mu 1912, kapena Hyotei, amene ali pafupi ndi kachisi wa Nanzen-ji ndipo akhalapo kwa zaka mazana angapo, ulemu wawo ndi woyenera. Komabe chakudya chamadzulo pa malo a mtundu umenewu nthawi zambiri chimapitirira ma yen 30,000 (ndalama za ku Japan) pa munthu mmodzi, osawerengera zakumwa ndi ndalama ya utumiki imene amaiwonjezera pa bilu. Kwa munthu amene akudya kaiseki koyamba, amene lilime lake silinazolowere kusiyanitsa dashi wabwino ndi wabwino kopambana, ndikuona kuti chakudya chamasana n'chanzeru, popeza ophika ndi omwewo, mtengo ndi wotsikirapo, ndipo munda wa panyumbapo mumauona kukuwala.

Chinthu china chimene ndinachiphunzira mowawa ndi cha kubukitsa malo. Chaka china ndinabukitsa pa malo ena amene sinditchula dzina, ndipo m'mawa wa tsikulo mwana anadwala, moti ndinaimba foni kuti sitibwera. Anandilipiritsa ndalama zonse. Poyamba zinandipweteka kwambiri, koma nditaganizira ndinaona kuti nsomba anali atagula kale m'mamawa powerengera mitu ya alendo, ndipo panalibe munthu wina woti n'kungolowa kudzadya gawo lathu. Choncho werengani bwino malamulo awo a kusintha tsiku, bukitsani kudakali mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo ngati Chijapanizi chanu sichinakhwime, pemphani mnzanu wa kusukulu kapena a ku hotela kuti akuimbireni. Fikani pa nthawi yake, chifukwa mpunga amautereka powerengera ola limene munalonjeza.

Mlongo wanu wa ku Sapporo:

Nkhani ya nsomba yaiwisi ndi yosavuta, bola muinene pa nthawi yobukitsa, osati mutakhala kale pansi. Ophika ambiri amavomera kusintha mbale imeneyo akadziwa kudakali masiku, koma kuwauza chakudya chili patebulo kumawasokoneza ndipo kumaoneka ngati kunyoza ntchito yawo. Alamu athuwo muwauzenso kuti asadzole mafuta onunkhira kwambiri, chifukwa fungo lake limaphimba fungo la chakudya ngakhale kwa alendo ena. Nsapato mudzavula pakhomo, ndiye nonse muvale masokosi oyera bwino, popeza kuponda mphasa za tatami ndi mapazi osavala n'kosayenera. Mbale zina ndi zakale kwambiri ndiponso zosachedwa kukandika, choncho mphete zikuluzikulu ndi zibangili ndi bwino kuzivula. Timitengo todyera musatizike mu mpunga, ndiponso musapatsirane chakudya kuchokera pa timitengo ta wina kupita pa ta mnzake, chifukwa zonse ziwirizi zimachitika pa miyambo ya maliro. Ndalama yothokoza woperekera zakudya musasiye. Mawu oti gochisōsama deshita, othokoza chifukwa cha chakudya, potuluka ndi okwanira.

Wophunzira wa ku Osaka:

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula mtima. Ndasankha chakudya chamasana monga ananenera bambo a ku Kobe, ndipo mnzanga wa mu labotale wavomera kundiimbira foni mawa, kuti anene za nsomba yaiwisi komanso apemphe malo a pafupi ndi pophikira, popeza ndikufuna kuti mayi a kunyumba adzaone ndi maso awo mmene amatemera hamo. Ndatsala ndi funso limodzi kwa mayi a ku Nagoya: mayi a kunyumba amavutika ndi bondo ndipo sangathe kugwada pansi kwa maola awiri, ndiye kodi pobukitsapo n'zololeka kupempha chipinda chokhala ndi mipando?